Kuchokera pa Milambala Kukafika ku Dzaleka

Ukafunsa agogo a kuno kwa Msakambewa za masiku amene dziko lino linkamenyera ufulu, sayamba ndi nkhani za ku London kapena za ku Zomba ayi. Amayamba ndi milambala. Amasimba za akapitawo a malimidwe amene ankayendera minda ya m'mapiri muno, kuloza pamene munthu akumbe mlambala, kulamula kuti mizere ipingase phiri, ndi kuika tsiku lakuti mapesi a fodya akhale atazulidwa. Wolephera ankamutengera ku bwalo la mfumu kukalipira faindi, ndipo ena ankalowa nazo m'ndende. Kunena zoona, mizere yopingasa siidali yoipa. Mpaka lero timalima motero ndipo nthaka imasungika. Chimene chidawawa anthu ndi chikakamizo, ndiponso kuti ntchito yokumbayo inkagwa m'miyezi ya dzuwa nthaka iri gwa, amuna ambiri ali ku Halale ndi ku Joni, khasu lonse liri m'manja mwa mayi.

Ndayambira pa milambala chifukwa nkhani imene ndifuna kusimba ndi ya zikalata. Pa zaka zimenezo magulu a ndale ankalemba zikalata zonena zimene akufuna ndi zimene adzachite akatenga boma. Chikalata chotere masiku ano timachitcha manifesito. Amayi athu ambiri sadaziwerenge, pakuti zambiri zidalembedwa m'Chingerezi, koma ankaziyesa ndi muyeso wawo: kodi zichotsa kapitawo m'munda mwanga? Kodi mwana wanga apeza sukulu? Nanga ndikadwala? Tikaziika zikalatazo pamodzi lero, tiona kuti pa mafunso amenewa sizidasiyane kwenikweni. Chimene chidagawa atsogoleri, ndi kudzetsa misozi m'mabanja ambiri, ndi funso lina limene silidalembedwe bwino m'chikalata chirichonse: mnzathu akaganiza zosiyana ndi ife, tichite naye chiyani?

Bungwe la Nyasaland African Congress lidabadwa mu 1944, patangopita zaka zochepa amayi athu atayamba Chigwirizano. Amene adalimbikira kusonkhanitsa timabungwe ta m'maboma kuti tikhale chinthu chimodzi adali a James Sangala, ndipo pulezidenti woyamba adali a Levi Mumba, amene adamwalira mu Januwale 1945. Kongeresi ya masiku amenewo idali ya aphunzitsi, makalaliki, abusa ndi amalonda ang'onoang'ono. Zopempha zawo zidali zaulemu: masukulu ochuluka, malipiro abwino, ndi kuti Afirika akhale ndi mipando m'Nyumba ya Malamulo. Za kudzilamulira sankazitchula mokweza. Ankalemba makalata kwa Bwanamkubwa, nadikira yankho.

Chimene chidasintha zonse ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuchikana. Anthu a kuno sadafune wina wowauza kuipa kwa ulamuliro wa Azungu a ku Southern Rhodesia, chifukwa amuna awo adali ataona okha mapasi ndi tsankho m'mafamu ndi m'migodi ya kumeneko. Mafumu nawo adakana. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu idauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo boma lidaichotsa pa mpando. A Mwase a ku Kasungu adali mmodzi mwa mafumu otsogolera kukanako. Ku Thyolo kudabuka chipolowe mu Ogasiti chaka chomwecho ndipo anthu adafa. Koma Chitaganya chidakhalabe, Kongeresi niifooka, ndipo pulezidenti wake, a J.R.N. Chinyama, mlimi wa fodya wa ku Lilongwe, adasiyira mpando a Sangala.

Apa mpamene mng'alu woyamba udaonekera. A Charles Matinga, amene kale adatsogolerapo Kongeresi, adayamba gulu lawo logwirizana ndi Chitaganya. A Wellington Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano adalowa m'Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya ku Salisbury, nati ndi bwino kumenya nkhondo uli m'kati kusiyana ndi kufuula uli panja. Anyamata ophunzira amene adalowa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba mu 1956, makamaka a Henry Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume, adati kukhala pa mpando wa ku Salisbury nkuvomereza Chitaganya. Mu 1957 a Chirwa ndi a Kumbikano adachotsedwa m'Kongeresi. Onsewa ankafuna ufulu. Adasiyana pa njira. Koma kuyambira pamenepo padamera chizolowezi chakuti wosiyana nawe pa njira ndi wogulitsa dziko. Padafala dzina lakuti "kapirikoni", lochokera ku bungwe lina la Capricorn Africa Society limene linkalalikira ulamuliro wa mitundu yonse pamodzi. Dzinali likamata munthu, ngakhale maliro ake anthu ankaopa kupitako.

Anyamata aja adadziwa kuti akulu a m'midzi sangatsate ana. Tsono adalembera makalata Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu amene adali atakhala kunja zaka zoposa 40, kuti abwere adzatsogolere. Adamukweza m'misonkhano ngati mpulumutsi asadafike nkomwe. Pulezidenti wa nthawiyo, a T.D.T. Banda a ku Nkhata Bay, adaimitsidwa mu 1958 pa nkhani ya ndalama, ndipo adakayamba chipani chawo, Congress Liberation Party. Dr Banda adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu Ogasiti adasankhidwa kukhala pulezidenti, napatsidwanso mphamvu yosankha yekha akuluakulu onse a Kongeresi. Tiyeni tisunge mfundo imeneyi, pakuti tidzakumana nayo m'tsogolo: amene adapereka mphamvuyo ndi manja awiri ndi omwewo amene idadzawadya.

Muno m'magazini ya amayi sitingadutse osaima pa mayi Rose Chibambo. Adabadwira ku Kafukule ku Mzimba mu 1928, ndipo adayamba kusonkhanitsa amayi ku Zomba mu 1952, akadali mtsikana wa zaka 24, mkazi wa munthu wogwira ntchito m'boma. Nthawi imeneyo ndale zinkaonedwa ngati za pabwalo la amuna. Iwo adati Chitaganya chikadza sichidzasankha kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Atasamukira ku Blantyre adapitiriza, ndipo pamodzi ndi mayi Vera Chirwa ndi ena adaimika bungwe la amayi la Kongeresi. Amayi ndiwo ankaphikira nthumwi, kusonkha makobiri, kubisa makalata m'nsalu, ndi kunyamula uthenga kuchoka pa mtondo kupita pa chitsime. Chikalata cholembedwa ku Blantyre sichikadafika m'midzi ya m'mapiri popanda pakamwa pa amayi.

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko liri pa chipwirikiti, ponena kuti Kongeresi idapangana kupha Azungu pa msonkhano wa m'tchire umene udachitika mu Januwale. M'bandakucha wa tsikulo Dr Banda adagwidwa natumizidwa ku ndende ya Gwelo, kumene adakhala ndi a Chipembere ndi abale awiri a Chisiza, a Dunduzu ndi a Yatuta. Anthu oposa 1,300 adatsekeredwa, ambiri ku Kanjedza. Anthu 51 adaphedwa, ndipo ena mwa iwo adafera pa doko la Nkhata Bay pamene ankafuna kumasula anzawo amene adali m'sitima ya Mpasa. Mayi Chibambo adawatenga atangobereka kumene, nalowa m'ndende ya Zomba ndi khanda kumsana. Mwanayo adamutcha Gadi chifukwa cha alonda amene adamuzinga. Woweruza wa ku Britain, Devlin, atafufuza, adapeza kuti chiwembu chopha Azungu onse chija sichidali chotsimikizika, ndipo adalemba kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mawu amenewo adachititsa manyazi boma la Britain.

Kongeresi italetsedwa, a Orton Chirwa adayamba Malawi Congress Party pa 30 Sepitembala 1959, mlembi wake ali mnyamata Aleke Banda. Iwo adanena poyera kuti akungosungira mpando Dr Banda, ndipo Dr Banda atatuluka pa 1 Epulo 1960 adamupatsadi. Pa msonkhano wa chipani ku Nkhotakota chaka chomwecho adamupanga pulezidenti wa chipani wa moyo wake wonse.

Tsono tafika pa chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961, pamene zikalata zidapikisana pamaso pa anthu. Panali magulu atatu. United Federal Party, chipani cha Roy Welensky, chinkati Chitaganya chimabweretsa ndalama za misewu, zipatala ndi masukulu, ndipo Nyasaland payokha ndi yosauka, singaime. Chinkalalikira kuti mitundu igwirizane ndi kuti ulamuliro upite kwa Afirika pang'onopang'ono. Gulu lachiwiri lidali la a Chester Katsonga, amene mu Okutobala 1960 adayamba Christian Democratic Party mothandizidwa ndi akulu ena a mpingo wa Katolika. Pambuyo pake adaphatikana ndi a T.D.T. Banda kukhala Christian Liberation Party. Awa nawo ankakana Chitaganya nafuna ufulu, koma ankachenjeza kuti mphamvu zonse zikaunjikana pa munthu mmodzi, tidzachoka m'manja mwa mbuye wina ndi kugwa m'manja mwa wina. Nyuzipepala ya chipani, Malawi News, idawatukwana pamodzi ndi Bishopu Theunissen, ndipo nyumba ya a Katsonga idatenthedwa. Gulu lachitatu lidali Malawi Congress Party ya tambala wakuda: kuchoka m'Chitaganya, kudzilamulira, kuthetsa chikakamizo cha malimidwe, kuchulukitsa masukulu, kukhala ndi yunivesite yathuyathu, ndi kupereka ntchito za boma kwa eni dziko.

Kwa mlimi wa ku Dowa ndi ku mapiri a Ntchisi kusankha sikudavute. A Welensky ankalonjeza msewu, koma kapitawo ankakhalabe m'munda. Mlimi wa fodya wakuda ankadziwanso bwino lomwe kuti chiyambire 1926, pamene bungwe la boma loyang'anira fodya wa Afirika lidakhazikitsidwa, mtengo ankaudula ndi ena, ndipo ndi iwo omwe ankanena amene aloledwe kulima ndi amene afufutidwe m'kaundula. Chenjezo la a Katsonga linkanena za mawa. Milambala idali ya lero. Sitingawadzudzule makolo athu pa zimenezi.

Koma pali kanthu kamene ana athu ambiri sadziwa. Chisankho chimenecho sichidali cha aliyense. Padali mipukutu iwiri ya ovota, wapamwamba wa anthu a ndalama ndi maphunziro, wosankha mipando 8, ndi wapansi wosankha mipando 20. Ngakhale pa wapansiwo munthu ankayenera kukhala wodziwa kulemba ndi wokhoma msonkho zaka zambiri, kapena wa chuma chakutichakuti, kapena nyakwawa, kapena msilikali wakale. Popeza msonkho ankakhoma ndi amuna, amayi amene adalembetsa adali ochepa ndithu. M'dziko lonse ovota adangopitirira pang'ono 100,000. Amayi amene adavina, kuphika ndi kuyenda mitunda kulalikira tambala, pa tsikulo ambiri adangoperekeza amuna awo. Malawi Congress Party idatenga mipando yonse 20 ya pansi ndi iwiri ya pamwamba. United Federal Party idapeza isanu. Umodzi udapita kwa Colin Cameron, loya wa ku Scotland woima payekha koma wogwirizana ndi Kongeresi. A Katsonga ndi anzawo sadapeze kanthu.

Tinene chilungamo: malonjezo akulu adasungidwa. Dr Banda adatenga yekha unduna woyang'anira zaulimi, ndipo chikakamizo cha malimidwe chidathetsedwa; akapitawo adasanduka alangizi. Adakhala nduna yaikulu pa 1 Febuluwale 1963. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963. Yunivesite idatsegulidwa mu 1965. Si zipani zambiri zimene zinganene kuti zidachita zimene zidalemba m'zaka zinayi zokha. Ngakhale mu mpingo mphepo yomweyo idaomba, pakuti mu 1962 amishoni a Dutch adapereka ntchito ndi katundu m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma, patapita zaka 73 chifikire a Murray ndi a Vlok ku Mvera.

M'kati mwa chipani momwemo mudali munthu amene adaona patali. A Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa chipani, adalemba timabuku tochenjeza maiko atsopano a mu Afirika za kuopsa kwa ulamuliro wa munthu mmodzi, ndi kufunika kolola otsutsa. Adafa pa ngozi ya galimoto pa mlatho wa Thondwe, pa msewu wa Zomba, mu Sepitembala 1962, ali ndi zaka 32 zokha. Anzake amene adatsala, a Chipembere ndi a Chiume, pa nthawiyo adali pakati pa olankhula mwaukali kwambiri motsutsana ndi aliyense wokayikira mtsogoleri. Kumapeto kwa 1963 a Katsonga adayesanso ndi chipani cha Mbadwa, koma mnzawo Gilbert Pondeponde adaphedwa mu Disembala, chipanicho nichifera pomwepo. A Mboni za Yehova, amene adakana kulembetsa m'kaundula wa ovota, adamenyedwa ndi kutenthedwa nyumba. Pa nthawi imeneyo aliyense wamkulu, mwamuna ndi mkazi yemwe, adaloledwa kulembetsa, ndipo amayi adalembetsa mwaunyinji. Koma pofika chisankho cha Epulo 1964 padalibe woima kupikisana ndi chipani pa mipando yonse 50, kotero sipadakhale kuponya voti. Amayi adasunga timapepala tawo m'mabokosi. Chisankho chotsatira chokhala ndi anthu opikisana chidadza mu 1978, ndipo onse opikisanawo adali a chipani chimodzi.

Mbendera idakwera pa 6 Julayi 1964. Pasadathe masabata asanu ndi atatu, nyumba idang'aluka.

Woyamba kuchoka adali Colin Cameron, amene adakana lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Pa 26 Ogasiti nduna zonse zimene zidalipo zidamuuza Dr Banda maso ndi maso zimene zidali kukhosi. Iye adati zilembeni. Adakwera phiri la Zomba, nakhala pa hotela ya Ku Chawe, nalemba chikalata chimene mbiri imachitcha Kuchawe Manifesto. Ichi ndicho chikalata chimene ndifuna kuti tichiyang'ane mofatsa, chifukwa kwa zaka 30 sichinkatchulidwa, ndipo ambiri tidakula tikungomva kuti kudali "zigawenga" zofuna kupha Ngwazi.

Madandaulo ake adali otere. Boma lidaika tiki, ndiye kuti makobiri atatu, yoti munthu azilipira akapita ku chipatala cha boma kumene kale ankalandira mankhwala ulere. Lidavomera lipoti la Skinner limene lidakhumudwitsa Afirika ogwira ntchito m'boma pa nkhani ya malipiro, pamene maudindo akuluakulu adali akadali m'manja mwa Azungu. Dr Banda ankapalana ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, osafuna kudana ndi maboma a Azungu a kumwera, ndipo adakana thandizo la ndalama limene dziko la China lidalonjeza. Koposa zonse, adadzisungira maunduna ambiri, ankagamula zinthu osafunsa nduna zake, ndipo pa misonkhano ankazitcha "anyamata anga", anthu a mabanja awo, ena a iwo atagona naye m'ndende. Nduna zidapempha kuti agawe maunduna, ndi kuti zinthu zizigamulidwa ndi onse pamodzi.

Naye Dr Banda adali ndi zifukwa zake, ndipo si zonse zimene zidali zopanda nzeru. Boma lidalibe ndalama. Britain ndiyo inkakwaniritsa bajeti chaka ndi chaka. Njanji yathu yokha yopita ku nyanja yamchere inkadzera ku Beira, m'manja mwa Apwitikizi. Amuna zikwi zambiri, a kuno omwe, ankadyetsa mabanja ndi ndalama za ku Joni ndi ku Halale. Anthu ophunzira okwanira maudindo onse adali owerengeka. Pa mfundo zimenezi anthu anzeru akadakhoza kukangana mpaka kugwirizana, monga timachitira pa msonkhano uliwonse. Poyamba zidaonekadi ngati atero, ndipo Glyn Jones, amene adali woimira Mfumukazi, adayesa kuwayanjanitsa. Koma Dr Banda ataona kuti akuluakulu a chipani m'zigawo ali naye, adalimba mtima.

Pa 7 Sepitembala adachotsa a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi, ndi mayi Rose Chibambo, amene adali mayi yekhayo m'Nyumba ya Malamulo ndiponso wachiwiri kwa nduna. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a John Msonthi adatula okha pansi maudindo, ngakhale a Msonthi adabwerera posachedwa. A Chipembere adali ku Canada. Atafika adagwirizana ndi anzawo. Pa 8 ndi 9 Sepitembala Nyumba idakambirana za kukhulupirira mtsogoleri. Chodabwitsa nchakuti ngakhale nduna zochotsedwazo sizidavote motsutsa. Zidati sizikukana Kamuzu, zikungofuna kumvedwa. Mayi Chibambo adaimirira kudziteteza pakati pa amuna amene ankawakuwiza ndi kuwanyoza. Iwo amene adalowa m'ndende ndi khanda chifukwa cha dzikoli, tsopano ankatchedwa oukira.

Ine ndimaima pa tiki ija. Pa madandaulo onse a ku Ku Chawe, ndiyo idali ya mayi wa kumudzi. China adali kutali, Skinner adali wa makalaliki, koma tiki inkatuluka pa mfundo ya nsalu ya mayi amene wabereka mwana wotentha thupi kuchoka ku mapiri mpaka pa boma la Dowa. Komabe amayi a chigawo chino adaima ndi Kamuzu, ndipo adaima ndi mtima wonse. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Iye adali atachotsa kapitawo m'munda ndi kuphwanya Chitaganya, monga adanenera. Adali mwana wa kwathu, wodzitcha nkhoswe ya amayi onse, ndipo pa mwambo wathu mawu amenewo ndi olemera. Nduna zambiri zochotsedwa zidali za kumpoto ndi kumwera, ndipo otsatira awo ambiri adali ogwira ntchito m'boma a ku Zomba, anthu a nsapato. Chikalata chawo sichidamasuliridwe ndi kuwerengedwa pansi pa mtengo kuti anthu adziweruzire okha. Chimene chidafika kuno ndi mawu a akulu a chipani monga a Richard Chidzanja, akuti ana aukira bambo wawo. Akulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo ife tidavomera msanga, osafunsa ngati dziko ndi khola.

Zotsatira zidadza mofulumira. Kumapeto kwa Sepitembala kudali kumenyana ku Zomba pakati pa ogwira ntchito m'boma ndi ayufi. Nduna zakale zidathawira ku Zambia ndi ku Tanzania, mayi Chibambo ndi banja lawo ku Zambia. A Chipembere adalowa m'tchire kwawo ku Mangochi, ndipo usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 iwo ndi anthu awo adalanda boma la Fort Johnston nayamba ulendo wa ku Zomba, koma pa Liwonde adapeza pantoni iri tsidya lina, asilikali nawabalalitsa. Midzi ya kumeneko idalangidwa koopsa. Medson Silombela, amene adapitiriza nkhondoyo, adanyongedwa ku Zomba mu 1966 anthu akuonerera. A Yatuta Chisiza adalowa ndi kagulu ka mfuti kudzera ku Mwanza mu Okutobala 1967 naphedwa. A Chipembere adamwalira ku America mu 1975. Tisabise: nawonso atagwira mfuti adapha anthu, ndipo kale adali ataphunzitsa okha ayufi kuti wotsutsa sayenera chifundo.

Lamulo lija adakanira Cameron lidakhazikitsidwa. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi mwa lamulo, ndipo mu 1971 Dr Banda adakhala pulezidenti wa moyo wake wonse. M'malo mwa zikalata zopikisana mudalowa nsanamira zinayi zimene tonse a msinkhu wanga tidaloweza ku sukulu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Chigawo chathu chidaona zabwino zake, Chichewa nichikhala chilankhulo cha dziko mu 1968, likulu nilisamukira ku Lilongwe mu 1975.

Koma yankho la funso lija, lakuti wosiyana nafe tichite naye chiyani, lidamangidwa m'boma lathu lomwe lino. Ku Dzaleka, pamtunda wa mphepo pafupi ndi boma la Dowa, adatsegula malo otsekerako anthu a milandu ya ndale. Amati dzinalo linkatanthauza kuti wolowamo adzaleka zimene ankachita. Adabwera nawo aphunzitsi, makalaliki, mafumu ndi alimi wamba, ambiri osaonekera ku khoti, ena chifukwa chongokhala achibale a "chigawenga", ena chifukwa mnansi wanjiru adawanenera bodza. A Mboni za Yehova, amene adaletsedwa mu 1967, adawaunjika komweko mwaunyinji cha m'ma 1975 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, amayi ndi ana omwe. Makolo athu ankaona malole akudutsa, ankadziwa kumene akupita, ndipo ankaweramira m'mizere yawo. Amayi anga ankati m'masiku amenewo ngakhale mtondo udali ndi makutu.

A Orton Chirwa, amene adayamba chipani ndi kusungira mnzawo mpando, adagwidwa pamodzi ndi mayi Vera ku malire a Zambia pa Khirisimasi ya 1981. Adaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, chilangocho nichisinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992; mayi Vera adatuluka mu Januwale 1993. Pa nthawiyo nkuti chikalata china chitagwedeza kale dziko, kalata ya mabishopu a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi awo pa 8 Malichi 1992, ndipo zambiri zimene idanena zidali zomwe zija adachenjeza a Katsonga ndi a Dunduzu zaka 30 m'mbuyomo. Sinodi yathu ya Nkhoma siidayende limodzi ndi mipingo ina pa nkhaniyo. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 dziko lidasankha nyali ya zipani zambiri ndi mavoti 63 pa 100 alionse, koma kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi ambiri tidaponyera tambala.

Mu 1994 Dzaleka idasanduka malo osungirako anthu othawa nkhondo, ochokera ku Rwanda, Burundi, Congo ndi kwina, ndipo ena mwa ife timagula nawo ndi kugulitsa pa msika wa kumeneko. Chaka chomwecho mayi Rose Chibambo adabwerera kwawo atakhala kunja pafupifupi zaka 30, nakhazikika ku Mzuzu, kumene ankathandiza pa ntchito za mpingo ndi kuyendera akaidi. Mu 2012 nkhope yawo idaikidwa pa ndalama ya K200. Adamwalira mu Januwale 2016 ali ndi zaka 87. Mukamamasula mfundo ya nsalu kuti mupereke ya mwezi, kapena kulipira pa chigayo, tayang'anani nkhope imeneyo, muwauze adzukulu kuti ndi mayi amene adalowa m'ndende ya Zomba ndi khanda mu 1959, nachotsedwa pa udindo mu Sepitembala 1964 pamodzi ndi amene adadandaula za tiki ya ku chipatala.